Pamkuyu Pamene Ndinkasesa

Mwana wanga woyamba anabadwa wosalira, chaka chimene njanji inafika ku Limbe. Wotere timati mtayo. Saliridwa maliro, sapita kumanda, ndipo amuna sauzidwa pamene wagona. Amayi atatu achikulire anakamuika m'kadzenje kolekeza m'mawondo, pansi pa mkuyu, pafupi ndi kasupe wa m'tsinde mwa phiri la Soche. Ine anandiuza kuti ndikagwetsa msozi sindidzaberekanso. Misoziyo ndinameza, koma ndinakwiya, ndipo mpaka lero sindinawakhululukire kwenikweni.

Malowo anandilozera ndi azakhali anga, amene pakamwa pawo panalibe chivindikiro. Ndikapita kukatunga madzi ndinkathyola tsache n'kusesapo, chifukwa masamba owunjikana pamwana wanga ankandinyansa. Ndinaikapo kamphika kobenthuka kuti ndisasochere. Ndizo zonse zimene ndinachita.

Chaka chotsatira mvula inachedwa. Tsiku lina mayi wina anandipeza pakasupe nandifunsa kuti, "Kodi pamkuyupa akusesa ndani?"

Ndinati, "Kaya."

Kaya ameneyo anayenda mtunda kuposa ine. Sabata isanathe m'kamphika muja munali ufa wa mapira. Kenaka mvula inagwa, monga imagwera ikatopa kuchedwa, ndipo nkhani inatha, mkuyu ndiwo wagwetsa. Anthu anayamba kubwera kuchokera ku Ndirande ndi ku Limbe. Achawa ogulitsa nsalu ankamangirira tizigamba toyera m'nthambi. Akhristu ankafika Lamulungu masana, ati adzangomwa madzi, ufa uli m'mpango. Malamulo anamera okha. Osaloza ndi chala, osavala chofiira, osapondapo ndi nsapato. Lomalizali silinavute, poti m'dera lonse nsapato anali nazo anthu awiri. Ena ankati pamakhala nsato, ena ankati panagona mlauli wakalekale. Ine ndinkangovomera, "Eetu."

Ndiye mzungu wina anafuna njerwa zomangira sitolo, ndipo kapitawo wake anapeza kuti dothi labwino lili pamkuyu pomwepo. M'gulu la okumba munali amuna anga. Khasu kulowa katatu, tifupa ta mwana wanga tikanaponderedwa m'chikombole cha njerwa. Kuulula sindikanatha. Anthu akanadziwa kuti ndi mtayo chabe, mantha akanatha, ndipo akanakumba akuimba.

M'mawa wa tsiku lokumba ndinawafunsa amuna anga, "Bambo, kodi mukakumbadi pamene paja?"

"Mayi, ntchito ndi ya mzungu," anatero, osandiyang'ana.

Ndinasenza mtsuko n'kuwatsatira chapatali, ngati ndikupita kumadzi. Kapitawo analemba mzere ndi ndodo yake, ndipo mzerewo unadutsa pakamphika. Amuna anga, amene kunyumba ankaopa ngakhale nkhuku yofungatira, anayang'ana pansi nthawi yaitali. Kenaka anagoneka khasu.

"Akapitawo, pano pagona wamkulu. Ine sindikumba."

Anzawo nawo anagoneka makasu. Kapitawo anakalipa mwamwambo chabe, poti iyenso mwezi wapitawo anathirapo ufa mkazi wake akudwala. Njerwa anakaumba kudambo. Amuna anga okha anawachotsa ntchito, nabwerera ku ntchito yawo yakale yonyamula azungu pamachila, phewa lawo n'kuchita chikang'a mpaka kukalamba.

Wamkuluyo kutalika kwake kunali kuchokera pachigongono changa kufika m'manja.

Ndinabereka ena asanu, onse amoyo, ngakhale ndinali nditalira kale kambirimbiri, ndiye amayi aja ananama. Amuna anga anamwalira asakudziwa kanthu. Chaka chilichonse tisanadzale ankanditenga kupita pamkuyu pamodzi ndi khamu lonse. Ankagwada patsogolo pa kamphika, n'kuomba m'manja, n'kunena kuti, "Ambuye, ndabwera, ndine mwana wanu."

Ine ndinkaima kumbuyo kwawo n'kumalira momasuka, poti pamenepo aliyense ankalira zake, ndipo panalibe wondiletsa.