Chala Chachitatu cha Apongozi Anga

Apongozi anga a Kauna anatsala ndi zala zisanu ndi ziwiri. Kuno kumapiri a Simbu amayi akale akaferedwa ankadula chala, ndipo iwo anadula ziwiri: cha amuna awo ndi cha mwana wawo woyamba, onse ofera pankhondo. Chachitatu ndinachiona ndi maso angawa.

Ndi mayi wamfupi, wapakamwa, wogulitsa mbatata pamsewu wa ku Kundiawa. Anabadwira tsidya la mtsinje n'kudzakwatiwa kuno, choncho nkhondo ikabuka, mbali zonse akufa ndi awo.

Chaka chatha mwamuna wanga Siune anagunda ndi basi munthu wakutsidyako, ndipo munthuyo anafera pomwepo. Siune anasiya injini ikulira n'kulowa m'tchire.

"Tithawe, amayi," ndinatero. "Akutsidya akamusowa Siune, apha mwana wake."

"Thawa, make Gigmai, miyendo uli nayo ngati mwamuna wakoyo," anayankha akupala mbatata. "Koma adzam'peza ndithu, kaya akupita kusukulu, kaya atamera ndevu. Ine ndikufuna zithere pano."

Akutsidyawo anafika dzuwa lili paliwombo. Nyumba zakumunsi zinayaka, mitengo ya khofi anaigwetsa, nkhumba anazitema misana n'kuzisiya zikukwawa. Mkulu wina wolumala anamutema pakhosi ali pakhomo pake. Ine ndinabisala m'nthochi, Gigmai ali m'thumba loluka kumsana. Kenaka mwanayo analira.

Amene anakankha masamba ndi chikwanje anali Witne, mlongo wawo wa apongozi.

"Iwe Witne!" Apongozi anatulukira atadzipaka dothi loyera la maliro thupi lonse, nkhwangwa ili m'manja. "Amene ndinkakupukuta mamina uja, lero wakula mpaka kulimbana ndi makanda?"

"Chokani, alongo. Magazi athu atayika."

"Ndikudziwa. Koma ukapha kamwanaka, mawa akuno akupha iwe. Ndiye bwera, ndikulire uli maso."

Anaika dzanja pachitsa. Nkhwangwa inagwa kamodzi. Magazi anathovukira kumapazi kwa Witne, apongozi n'kutola chalacho ndi kum'ponyera pachifuwa.

"Ndi chako icho. Kachisunge, adzakuike nacho."

Amuna onse anabwerera m'mbuyo. Palibe amene amafuna kuima pafupi ndi munthu woliridwa ali moyo.

"Mwapenga, alongo," anatero Witne.

"Ndinapenga tsiku lomwe amayi anakubereka. Kaziuze nkhalamba zakwanu tikambirane za nkhumba za chipepeso."

Anapita. Mlandu unatha ndi nkhumba zomwezo, ngakhale Siune mpaka lero ali kutali mumzinda wa Lae, akuti sanakhulupirirebe kuti zinatha.

Inenso zovala zanga zimakhala zomangamanga pafupi ndi chitseko, ndipo galu akauwa ndimayang'ana kumtsinje. Apongozi amangondiseka. Gigmai wayamba kumera mano, ndipo akam'nyamula amawaluma pachipsera pomwepo.

"Luma, bambo," amatero. "Chinakugulira moyo chimenecho."