Ayi wa Chingerezi wa Alamu Anga

"Kodi anzanga, mwana wanu uja munapereka kapena munangobwereketsa?"

Anandifunsa choncho mayi woyandikana nane nyumba, tikusoka fodya m'chigafa kwathu kuno ku Nachisaka. Sanandiyang'ane n'komwe, maso ali pa masamba. Ndinawayankha kuti mwana ali pasukulu kwa azakhali ake ku Malomo. Iwo anangoti "Ehe," n'kupitiriza kusoka. Tsiku lonse "ehe" ameneyo anandilasa ngati chisonga chakuphazi.

Mwanayo ndi woyamba wanga, mtsikana. Ndinamubereka ndili wamng'ono, nditangosiyira sukulu sitandade 7. Mwanayo ali sitandade 3, mlongo wa amuna anga, amene ndi mphunzitsi kufupi ndi Malomo, anabwera kuno kumaliro. Anamuitana mwana kuti awerenge, mwana anawerenga, iwo anapukusa mutu. Anati kuno Chingerezi chake chifa, amutenge azikakhala naye, pakutha chaka tidzamumva tokha. Amuna anga anavomera asanandifunse. Apongozi anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ine ndinamuchapira tizovala take, ndinamupatsa chitenje changa chobiriwira kuti azifunda, ndipo ndinakamukweza minibasi ndikumwetulira ngati munthu wamwayi.

Chingerezi ine ndimachimva pang'ono, cha sitandade 7 sichinathere m'mutu. Ndinkadziwa kuti "not" ndiye kukana. Koma anandiphunzitsa ndi alamu anga kuti kukana kwa Chingerezi sikuyenda kokha, kumakoka mnzake kumbuyo. Nkhani zonse pafoni ankalankhula Chichewa chabwinobwino: mvula, mtengo wa feteleza, matenda a apongozi. Ndikangoti mwana abwere patchuthi, lilime linkatembenuka.

Tchuthi choyamba anati, "Not yet, mlamu." Kumeneko ndiye kuti nthawi sinakwane. Ndinadikira. Chachiwiri anati, "Not until asiye kuganiza m'Chichewa." Ndinadikira, ngakhale sindinkadziwa kuti munthu amaona bwanji chinenero chimene mwana akuganizira. Chachitatu anati, "Not unless mukufuna abwerere m'mbuyo." Ndani angafune kuti mwana wake abwerere m'mbuyo? Ndinangoti zikomo alamu.

Ayi wathu wa Chichewa ali ndi pomugwira. Munthu akakukaniza umagwada, umati chonde, umatuma wamkulu kukakulankhulira, mwina amafewa. Akapanda kufewa umadziwa kuti wakanidwa, umakalirira kwanu. Koma wa alamu anga uja analibe pomugwira. Sanakukanize, sanakulole. Amakusiya utaima pakhomo ngati mlendo amene waodira koma eni nyumba sanamuuze kuti lowani kapena pitani. Ndipo akakulankhula m'Chingerezi, iwe wa sitandade 7 umayamba waganiza kaye ngati wamva bwino, pomwe ukufuna kuyankha foni yaduka kale.

Ndikadandaula, amuna anga ankandiseka.

"Mayi, mwamva kuti akana? Sanakane. Ati nthawi sinakwane. Kapena inu mwayamba kudziwa Chingerezi kuposa aphunzitsi?"

Ndikapempha kulankhula ndi mwana, ankamupatsa foni, iye n'kunena kuti "I am fine," basi, mawu ang'ono ngati a munthu amene wina wamuimirira pambali. Amuna anga akamva zimenezo ankawomba m'manja. Tikakolola tinkatumiza chimanga, nyemba ndi mtedza kuti mwana asakhale mtolo kwa eni ake.

Pamene mnansi wanga ankandifunsa funso lija n'kuti zaka ziwiri zitadutsa. Sindinauze munthu. Ndinagulitsa nkhuku, mwana wanga wamng'ono ndinamusiya kwa amayi anga, m'mawa ndinakwera kabaza mpaka pamsewu, kenako minibasi. Kunyumba kwa alamu ndinapeza kokhoma. Ana a pafupi anandilozera kusukulu.

Ndinafika ana ali m'makalasi. Kuseri kwa kalasi ina kunali amayi ogulitsa zitumbuwa ndi mbatata yowotcha, akudikira nthawi yopuma. Pafupi nawo, pansi pa windo, panakhala mtsikana wotsamira khoma chammbali chifukwa kumbuyo anabereka khanda. Patsogolo pake panali beseni la mandasi. Ndinayamba kuzindikira chitenje, nkhope pambuyo. Anali atatalika. Yunifolomu analibe.

M'kalasimo ndinamva mawu a alamu anga, ana akubwereza pambuyo pawo. "Neither the goat nor the sheep ate the grass." Mbuzi sinadye, nkhosa sinadye. "Not only did it rain, but it also hailed." Mwana wanga milomo inkayenda limodzi nawo, osaphonya liwu, dzanja lina likuingitsa ntchentche pamandasi.

Mayi mmodzi wa zitumbuwa anandiona ndaima ngati chitsa. Anati, "Mukufuna mandasi, mayi?"

"Ndikufuna mwana wanga."

"Uyu? Inu ndinu amake? Aa, ife timayesa wantchito wa amadamu."

Mwanayo anadzuka msangamsanga, anagwada, n'kundipatsa moni ngati mlendo. Ndinamufunsa kuti kalasi yake ndi iti. Anati analowa teremu imodzi yokha, kenako wantchito wa anti anathawa, khanda litangobadwa.

"Koma ndimadziwa, amayi," anatero, ngati akuopa kuti ndimukalipira. "Za lerozi ndazimva kawiri, chaka chatha ndi chino. Ana am'katimo amalakwitsa, ine sindilakwitsa."

Belu litalira alamu anga anatuluka, choko chili m'manja. Atandiona nkhope inagwa, koma anaidzutsa mwachangu poti aphunzitsi anzawo anali pafupi.

"Not here, mlamu. Not now."

"Alamu, lero mundiyankhe m'Chichewa."

"Tikakambirane kunyumba ngati anthu."

"Pano pali bwino. Mwanayu mwamukhazika pano zaka ziwiri, inenso ndingakhalepo pang'ono. Ali sitandade chani?"

Anayamba kufotokoza motsitsa mawu. Ati zinali za kanthawi, wantchito wokhulupirika akusowa masiku ano, malipiro a mphunzitsi ndi ochepa. Ati mwana sakutsalira, amamva zonse pawindo, Chingerezi chake chikuposa cha ana a sitandade 8. Ndinangowayang'ana. Ataona kuti sindikugwedeza mutu, mawu anakwera.

"Kodi ndimamumenya? Amadya katatu. Amagona pamatiresi, kwanu ankagona pamphasa. Sopo wanga, mafuta anga. Not even a thank you!"

"Zikomo," ndinatero. "Ali sitandade chani?"

Amayi a zitumbuwa aja anaseka, wina anati, "Ayankheni amadamu, funso lake ndi lophweka." Ana a sukulu anali atatizungulira. Ndinamutembenuza mwana wanga, ndinamasula mfundo pachifuwa pake, ndinanyamula khanda lija bwinobwino poti ilo silinandilakwire, n'kulipereka kwa amake. Anachita kuponya choko kuti alilandire. Chitenje ndinachikutumula, n'kuchipinda.

"Mukamutenga ameneyu, pakhomo panga musadzapondeponso. Musadzabwere kudzapempha kanthu."

Amenewo ndiwo anali mawu oyamba omveka bwino amene anandiuzapo pa nkhani ya mwana wanga, ndipo anawanena m'Chichewa.

Chimene sindinayembekeze n'chakuti mwanayo analira. Sankalirira anti ake, ankalirira khanda. Njira yonse yopita kokwerera minibasi ankatembenuka, akundiuza kuti phala lake salifuna lotentha, ndiponso kuti sagona osamubereka. Ndinamugwira dzanja mwamphamvu kuposa mmene ndinkafunira. Zovala zake tinazisiya m'nyumba yokhoma ija.

Kunyumba amuna anga anakwiya, osati ndi mlongo wawo, koma ndi ine. Ati ndawachititsa manyazi pamaso pa aphunzitsi, nkhani ngati imeneyi imafuna akuluakulu. Ndinawafunsa kuti akuluakuluwo anali kuti zaka ziwiri zonsezi. Anangotuluka. Apongozi mpaka lero akandiona kutchalitchi amayang'ana kumbali. Alamu anga amauza anthu kuti anandilerera mwana ine n'kuwatukwana pagulu. Ena amawakhulupirira, poti iwo ndi ophunzira.

Kusukulu ya kuno anamuyesa. Pakamwa Chingerezi chinkatuluka ngati nyimbo, mpaka mphunzitsi anaitana mnzake kuti adzamve. Atamupatsa pensulo, dzanja linali litaiwala. Masamu anali pomwe anawasiyira. Anamubweza sitandade 3, pakati pa tiana tomufika m'mapewa, ndipo tianato timamutcha amadamu. Amapita, sajomba, ine ndimamuperekeza ndi maso mpaka atakhota pamunda wa fodya. Kwa nthawi yaitali ankadzuka kusanache kukasesa pabwalo popanda womutuma, ndipo kangapo anandiitana kuti anti.

Ndikawerengera zimene zinapita, ndi izi: zaka ziwiri za sukulu, chimanga ndi nyemba za masika awiri, chibale cha kuchimuna, anzake amene tsopano ali makalasi awiri patsogolo pake, ndi msana wa mwana wa zaka khumi ndi chimodzi umene umamupweteka kukazizira.