Tsiku Limene Ndinagwadira Chilombo ku Harare

Ndikukumbukira tsiku limene banja lathu lonse linakwera bhazi ku Macheke kupita ku Harare kukaona mwala. Inde, mwala. Anthu a pakomboni anatiseka mpaka kugwira nthiti, poti papurazi, famu ya fodya pomwe tinkakhala, miyala inali mbwee, ina tinkaswera mtedza.

Koma uwu unali mwala wa bambo. Bambo anga, a Laisoni Mbewe, ankasankha fodya m'shedi ya mzungu sabata yonse, koma Lamulungu tikaweruka kutchalitchi ankakhala kuseri kwa nyumba n'kumagogoda miyala ndi tchizulo. Mwala wina, wa mayi wobereka mwana kumbuyo, unagulidwa ndi munthu wongodutsa. Patapita miyezi, dalaivala wa lole ya fodya anabwera ndi nkhani yoti wauona m'nyumba yoonetseramo zosemasema ndi zojambula m'tauni, pambali pake pali kakhadi kolembedwa. Bambo sankadziwa kuwerenga. Ndiye ntchito yowawerengera dzina lawo pakakhadiko inagwera ine, Esinati wa Giredi 4, amene ndinali nditatopetsa kale komboni yonse ndi Chingerezi changa.

Matama ndiye ndinali nawo, abale. M'bhazi ndinawerenga mokweza chikwangwani chilichonse cha m'mbali mwa msewu, mpaka mayi anandipatsa mbatata yootcha kuti pakamwa papezeko ntchito ina. Mlongo wanga Yohane, wa zaka zinayi, anasanza kawiri tisanafike ku Marondera. Bambo anali m'jekete lawo la ukwati, lomwe linkanunkha m'sutikesi, ndipo ulendo wonse anangonena mawu amodzi: "Lero musandichititse manyazi."

M'nyumbamo munali mozizira, monunkhira polishi, pansi poterera moti nsapato zanga zobwereka zinkalira kwiii pa sitepe iliyonse. Anthu ankayenda manja kumbuyo, akunong'onezana. Mayi anandifunsa chapansipansi ngati muli maliro. Yohane anafuna kukwera mvuu ya mwala, mlonda anamuletsa. Ine ndinali patsogolo ngati mwini nyumba, kufotokoza zithunzi zomwe sindinkazimvetsa n'komwe. Chimodzi chinali utoto wokhawokha wongopakapaka, ine ndinati ndi mvula ya matalala, bambo n'kugwedeza mutu.

Kenako ndinakhota pakona, maso ndi maso ndi chilombo.

Nkhope yofiira psuu, mano panja, nthenga za nkhuku kumutu, nsanza mpaka pansi. Gule wamkulu weniweni! Ife tinali a tchalitchi, koma panalibe mwana wa pakomboni amene sankadziwa lamulo. Gule akatulukira ku mabulugama a kumanda, ngati walephera kuthawa, umagwada, kuyang'ana pansi, n'kuika kandalama padothi. Chingerezi chonse chinauluka. Ndinagwada pa simenti paja, kukokera Yohane pansi, n'kuika teni senti yanga yogulira firiziti, chakumwa chozizira cha m'kapulasitiki, kutsogolo kwa chilombocho. "Pepani! Pepani, sitinakuoneni!" Ndinkakuwa choncho, mamina ali chuchuchu.

Anthu anasonkhana. Mzungu wina wamkazi anawomba m'manja, kuyesa ndi mbali ya chionetsero. Mlonda uja ankaseka mpaka misozi, akundiuza m'Chishona kuti sichiluma, achita kuchiveka pamtengo. Mayi anandikalipira kuti ndine mbuli, koma ndinawaona iwonso akudutsa chammbali, chitenje chili kumaso. Tsoka ilo, mwala wa bambo unali kuseri kwa chilombocho. Bambo anandinyamula, mtsikana wamkulu ndithu, miyendo ili lendelende, ine nditatsinzina zolimba.

Atanditsitsa, mayi wa mwala uja anali apo, wopukutidwa bwino, getsi likumuwalira. Yohane anamuzindikira, n'kumupatsa moni. Bambo anavula chipewa.

"Werenga tsono, mwanawe. Mokweza."

Ndinayang'ana kakhadi kaja. Ndinakawerenga kawiri chamumtima. Panalembedwa mtundu wa mwala, panalembedwa Macheke, koma pamalo pa dzina panalembedwa kuti wosema wake sakudziwika. Ndinamva chisoni, ndinamvanso mantha oposa a chilombo chija. Ndinali nditawachititsa kale manyazi kamodzi, ndiye kachiwiri ayi. Ndinaimika chifuwa, kuloza ndi chala ngati aphunzitsi, n'kunena kuti, "Laisoni Mbewe, wa ku Macheke." Poona kuti bodza layenda bwino, ndinawonjezera ndiwo: "Katswiri wa miyala m'dziko muno."

Mayi analulutira chapansipansi. Bambo anayang'ana kakhadiko nthawi yaitali, kenako anandisisita pamutu. Pobwerera anandigulira firiziti, popeza teni senti ija ndinakana kukaitenga.

Zaka zambiri ndinkadzitama mumtima kuti ndinapusitsa munthu wamkulu. Ntchito ya papurazi inatha, komboni inabalalika, bambo anadzakhala kwanga atakalamba. Masiku ano ana anga amapita kumalo oterowo ndi sukulu, amajambulitsa pafoni atakumbatira zigoba za gule, pamene ine mayi wawo ndimadutsabe chammbali. Tsiku lina tikuseka nkhani ya kugwada ija, ndinaganiza zoulula.

Bambo sanadabwe n'komwe. Anati, "Esinati, kuwerenga sindidziwa, koma dzina langa ndinkaliona mwezi ndi mwezi pa envulopu ya malipiro. Ndimalidziwa nkhope. Pakakhadi paja panalibe."

"Nanga bwanji simunanene?"

"Ndinene chiyani? Iwo analemba molakwa, iwe unawerenga bwino."