Yunifolomu ya Rozina

Senderani pafupi, mawu anga masiku ano safika patali. Ndikakumbukira aJuwawo, aneba athu a ku Chigumula, ndimamva fungo la nsalu yatsopano ikusitidwa ndi simbi ya makala, komanso kulira kwa makina awo opalasa ndi mapazi, aja ankasokera pakhonde la sitolo ya mmwenye ku Limbe. Anali telala, analinso mkulu wa masewero kutchalitchi kwathu. Ana anali nawo atatu: anyamata awiri apasukulu, ndi Rozina, mnzanga wotunga naye madzi, yemwe ngati ine anali asanapondepo m'kalasi.

Chaka china aJuwawo anapeka sewero la bambo wokaniza mwana wamkazi sukulu. Iwo anadzisankha kukhala aphunzitsi anzeru, Rozina n'kukhala mtsikanayo. Pepala la mawu sankatha kuliwerenga, ndiye mchimwene wake ankamuwerengera ali chigonere pamphasa, iye akukwecha mapoto, mpaka zonse zinalowa m'mutu. Bambo ake anamusokera yunifolomu yabuluu ya kolala yoyera.

Lamulungu, mapemphero atatha, holo inadzaza. AJuwawo anaima ndi choko m'manja, n'kuloza bambo wa m'seweroyo: "Mulibe manyazi inu? Mwana wamkazi si munthu?" Azimayi analulutira. Pomaliza Rozina ananyamula kope akumwetulira, ife manja kuwawa ndi kuomba.

Lolemba m'mawa Rozina anavalanso yunifolomu ija, n'kulondola azichimwene ake. Ine ndinali ndi ndowa pamutu, ndinaona ndi maso angawa. Bambo ake anamupezera pamsewu.

"Iwe, wa kuti?"

"Kusukulu, ababa. Paja munanena dzulo."

"Dzulo linali sewero! Kavule, ungaidetse. Sabata yamawa tikukaonetsanso ku Bangwe."

"Ndiye aphunzitsi aja ankanama?"

"Madzi atunga ndani? Achimwene akowa akaweruka adya chiyani?"

Anamukokera kunyumba atamugwira padzanja, kuopa kukwinya nsalu.

Ku Bangwe ndinapita nawo. Itafika nthawi yonyamula kope, Rozina anangoima njo, n'kukuwa kuti: "Ine sindidziwa kuwerenga! Afunseni aphunzitsiwa, ndi bambo anga ondibereka!" Anthu anafa nazo ziseko, kuyesa ndi mbali ya sewero. Anaseka, anthuni! AJuwawo nawonso anaseka. Kunyumba ndiye tinamva lamba.

Rozina sanakwerenso pansanja, ndipo kusukulu sanapiteko. Mchimwene wamkulu anakhala kalaliki m'tauni, kwawo n'kumangotumiza moni. Wamng'ono anatha ndi kachasu. AJuwawo atadwala, wowatembenuza ndi kuwachapira anali Rozina yemweyo, koma pamaliro abusa anawatama kuti anali omenyera ufulu wa ana aakazi. Rozina alipo, amagulitsa tomato mumsika wa Limbe. Ana ake aakazi anayi onse anawaphunzitsa, iye mwini akusayinabe ndi chala.

Ine mpaka lero sewero likatha sindifulumira kuomba m'manja. Ndimayamba ndafunsa kuti mtsikanayo mawa akadzuka alowera kuti.