Kasinja wa Katoni pa Phiri la Zomba

Usilikali ndinaulowa chifukwa cha laisensi, osati kulimba mtima. Ine ndine wamantha, ndipo ku Chikanda kumene ndinakulira palibe amene sadziwa zimenezo. Malume anga, amene anapuma ntchito ali sajeni, atamva kuti akufuna anyamata odziwa kuyendetsa lole anandiperekeza okha kukalembetsa. Anati dalaivala sakumana ndi chipolopolo, yake ndi kunyamula ufa ndi nkhuni basi. Ndinawakhulupirira. Nditamaliza maphunziro ananditumiza kwathu konkuno ku Zomba, nkundipatsa lole yobiriwira yakalekale.

Miyezi yoyamba inalidi ya ufa ndi nkhuni. Nyengo yozizira itafika tinauzidwa kuti mabwana akuphunzira nkhondo ya akasinja, magalimoto achitsulo aja oyenda pa matcheni, okhala ndi mzinga pamwamba. Ife akasinja tinalibe, choncho malole anayi anasanduka akasinja. Yanga anaitcha Wachiwiri.

Sajeni wathu, a Likaka, anamata katoni pa galasi lonse lakutsogolo ndi m'mawindo momwe, nkusiya kampata kopingasa kongokwana maso. Anati woyendetsa kasinja weniweni amaona choncho, zina zonse amachita kuuzidwa ndi mkulu wake amene mutu uli kunja. Mkulu wanga anali a Lefutenanti Namaona, mayi wamfupi wosakonda kubwereza mawu. Ankaima kumbuyo kwa kabini atagwira wailesi, ndipo mawu awo ankandipeza kudzera m'paipi yothirira maluwa imene Sajeni anailowetsa pa windo nkuimangirira pafupi ndi khutu langa.

"Phazi ndi lako, maso ndi a madamu," anatero Sajeni. "Ukang'amba katoniyi, ine ndidzang'amba iweyo."

Zonsezi zinachokera pa mkangano wa mabwana awiri. A Kaputeni Malunga ankati nkhondo ya masiku ano ndi ya liwiro. Kumwamba kumadzaza tindege topanda munthu tokhala ndi kamera, ndipo kasinja akangoima ndiye kuti wapsa kale. Iwo ankafuna onse anayi aziyenda limodzi atapanga mutu wa mkondo, mmodzi patsogolo ena m'mbali, osaima mpaka atafika. A Namaona ankati kuthamanga nonse ndi kufa nonse. Njira yawo ankaitcha kudumphana: awiri aime pamalo okwera, mizinga italoza kutsogolo, akuyang'anira anzawo awiri amene akuyenda. Oyendawo akafika pobisala aime, oyang'anira aja awadumphe. Ndi njira yochedwa, koma nthawi zonse pamakhala wina amene akuona. Ine ndinali mbali ya a Kaputeni, chifukwa ndinkangofuna zithe msanga katoniyo ichoke.

Tsiku loyesa njira ziwirizi tinakwera phiri m'mawa, nkukamata makatoni titafika pamwamba, pamalo pamene anadula mitengo ya paini, potsala zitsa ndi udzu wonyowa. Kumbuyo kwa lole yanga kunadzaza asilikali, akuimba ngati akupita ku mpira. Tinayamba ndi njira ya mkondo ija ya a Kaputeni. Zinandikomera, chifukwa ndinkamva injini za anzanga mbali zonse. Titangowoloka kamtsinje, anyamata amene ankasewera adani anatulukira m'tchire akuomba zipolopolo zabodza, ndipo woweruza wa nkhondo yoyesererayo analengeza kuti atatu mwa ife tapsa. A Kaputeni anangopukusa mutu.

Masana inali nthawi ya kudumphana. Malole awiri anakaima pa kachitunda, ife awiri tinatsikira m'chigwa, ine patsogolo. Tili mkati mwa chigwacho chifunga chinafika. Amene amalidziwa phiri la Zomba akudziwa kuti chifunga chake sichiodira. Kampata kanga kanangoyera mbee. Ndinachepetsa moto, ndili m'giya yachiwiri, khutu lili pa paipi. Paipi inati khotera kumanzere pang'ono, pali chitsa. Ndinakhota. Inatinso kumanzere, ndinakhotanso. Kenaka inakhala chete, ndipo ndinangomva a Namaona akupumira m'paipimo. Apo ndinadziwa kuti nawonso sakuona kanthu.

Ndinachita mantha. Ndinkadziwa kuti penapake kumanzereko phiri limathera m'phompho. Koma lamulo loima linali lisanabwere, ndipo kunena zoona Sajeni ndinkawaopa mofanana ndi phompholo.

Wailesi inalira kumbuyo kwa mutu wanga. Anali a Kopolo Saidi, mmodzi wa oyang'anira aja. Kachitunda kawo kanali pamwamba pa chifunga, ndipo chimene ankaona chinali kambendera kofiira ka pansonga ya mlongoti wa wailesi yathu, kakuyenda kokha pamwamba pa utsi woyerawo kulowera kumene sitinayenera kupita.

"Wachiwiri, imani! Imani pomwepo!"

Ndinaponda buleki ndi kilatchi pamodzi. Lole sinamve. Inatsetsereka pa udzu, kumbuyo kukupita chammbali, mpaka tayala lakutsogolo linagunda chinachake, nkuima itawerama. Nyimbo kumbuyo kuja inali itatha.

"Usachotse phazi," anatero a Namaona m'paipi, mawu ali pansipansi. "Katoni usaikhudze. Zimene zili kunja kuno si zoti uone panopa."

Analamula asilikali kuti asatsike, angosunthira kumchira wa lole kuti kumbuyo kulemere. Awiri okha ndi amene anatsika kukaika miyala pa matayala. Lole inzathu inabwera ndi tcheni, ikuyenda ngati nkhono, a Saidi akuitsogolera pa wailesi poyang'ana kambendera kake. Nthawi yonseyo mwendo wanga unali pa buleki. Handibuleki ndinali nditakoka, koma ya lole imeneyo ndinkaidziwa bwino, sinali yoikhulupirira. Ndinapemphera, mawu a pemphero nkundithawa, ndinangotsala ndikutchula dzina la mayi anga. Tcheni itakungika, madamu anandiuza kuti ndilowetse giya yobwerera, ndimasule phazi pang'onopang'ono. Phazilo linayamba lakana. Anachita kundinyengerera ngati mwana mpaka tinabwerera pa nthaka yabwino.

Chifunga chitayamba kung'ambika, Sajeni anachotsa okha katoni ija. Ndinatsika nkutsatira mikwasa ya matayala. Inakathera pa chitsa cha paini chimene chinali chitazuka theka. Kuseri kwa chitsacho kunalibe nthaka. Pansi patali panali tauni, malata akunyezimira, ndipo ndinatha kuloza dera la Chikanda kumene mayi anga mwina anali akuanula zovala. Ndinakhala pansi pa udzu wonyowawo.

Pokambirana madzulo ake, a Kaputeni ananena kuti malole awiri aja anaima pamtetete nthawi yaitali, m'nkhondo yeniyeni tindege tija tikanawaotcha. A Namaona sanatsutse. Anangoti inde, oyang'anira amadziika pangozi, ndiyo ntchito yawo. Mkanganowo sunathe tsiku limenelo, ndipo ife madalaivala palibe anatifunsa maganizo.

Usilikali ndinasiya, pano ndimayendetsa lole ya matabwa m'phiri lomweli. Chifunga chikatsika, kapena ndikafuna kubwerera m'mbuyo pamalo opapatiza, sindisuntha mpaka wina atatsika nkuima pamene ndingamve mawu ake. Anzanga amandiseka kuti ndine wamantha, ndipo sanama. Njira yopambana nkhondo ya akasinja sindiidziwa mpaka lero. Chimene ndikudziwa nchakuti madzulo a tsiku lija ndinakadya kwa mayi anga ku Chikanda, chifukwa a Saidi anavomera kuima pamtetete nkumandiyang'ana.