Tsiku limene ndinakana amayi anga ku Area 3

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi pamene likulu linkasamuka ku Zomba kubwera ku Lilongwe. Bambo anga anakwezedwa pantchito, n'kupatsidwa ofesi ku City Centre ndi nyumba ku Area 3 momwe kale munkakhala mzungu. Pamodzi ndi mafaelo a boma kunabweranso mayi wina wotayipa makalata, wa wigi ndi nsapato za gogoda. Bambo anamuveka mphete. Amayi anga, omwe ukwati wawo unali wa chinkhoswe, anangosanduka "aja akumudzi."

Kwathu ana ndi a mkazi, ndiye atsibweni anakanitsitsa kuti bambo anditenge. Amayi ndiwo anawachonderera mpaka analola kuti ndikaphunzire m'tauni. Nditangofika, bambo anandipatsa lamulo. "Anzanga a kuofesi amadziwa kuti ndinakwatira kamodzi. Ukadzandichititsa manyazi, ubwerera kukapalira fodya." Mkazi wawoyo ndinayamba kumutcha mami.

Loweruka lina masana pakhonde panadzaza alendo, ine ndikuperekera tiyi. Ndinangoona amayi akulowa pageti, opanda nsapato, miyendo ili mbuu ndi fumbi, dengu la mtedza lili pamutu. Anatula, nagwada pansi pa masitepe n'kuwomba m'manja monga timachitira kwathu. Mtima wanga unalumpha, pakuti panali patatha miyezi isanu ndisanawaone.

"Iwe mwana, amenewa ndi ndani?" anandifunsa mkazi wa mlendo wina.

Bambo anangondiyang'ana, kapu ili m'manja.

"Ndi amayi ogulitsa mtedza," ndinatero.

"Ogulitsa amadzera kuseri," mami anawonjezera, osawayang'ana n'komwe.

Amayi anandiyang'ana pang'ono chabe. "Pepani adona, ndasokera khomo," anatero, n'kusenzanso dengu lawo.

Sindinawatsatire. Ndinapitiriza kuthira shuga m'makapu a anthu. Alendo atabalalika ndinathamangira kuseri, koma ndinangopeza dengu pakhomo la khitchini. Mtedzawo mami anakazingira alendo ena, iwo n'kumayamikira kuti ndi wokoma. Amayi sanabwerenso kunyumba ija.

Manyazi a tsikulo ndinakhala nawo zaka zambiri. Nditayamba ntchito ndinapita kumudzi kukapepesa, ndikulira. Amayi anapitiriza kusenda chinangwa chawo.

"Ukanati ndine mayi ako, ndikanakumenya pomwepo," anatero. "Ndinakutumiza kusukulu, osati kokandidziwa."

Kale ndinkati nkhanza yonse inali ya bambo. Lero ndikuona kuti iwo anasintha banja osadetsa pakamwa pawo. Ntchito yonyansayo anasiyira mwana, ndipo mkazi amene anamutaya ndiye anawathandiza kubisa bodza lawo. Sukulu ndinamaliza, inde. Koma mpaka tsiku limene tinawaika m'manda, amayi sanandiuzepo kuti sizinawapweteke.