Khoma Lomwe Linachedwa Kupsa

Aneba athu ndi akalipentala okalamba, ndipo sakhoma thabwa asanaliviike mumgolo wa mankhwala olimbana ndi moto. Makasitomala amadandaula kuti ntchito ikuchedwa, iwo osatekeseka. Ukawafunsa ngati matabwa awo sapsa, amakuyang'ana pamwamba pa magalasi n'kunena kuti, "Thabwa ndi nkhuni, mwanawe, limapsa. Ine ndimangoliphunzitsa kuchedwa."

Tinkawaseka mpaka Loweruka lina masana, pamene ayironi yoiwalidwa inayatsa shopu ya atelala. Shopuyo inagundana ndi chipinda cha akazi a akalipentalawo, amene sayenda chidwalire sitiroko, ndipo pakati pake panali khoma la matabwa awo aja basi. Akalipentalawo anali atapita kukagula misomali, chitseko atakhoma ndi loko.

Tinalimbana ndi lokoyo mphindi ngati khumi, nsalu zikulilima, malata akuthetheka. Mumtima ndinkadziwa kuti tikatulutsa mtembo. Chitseko chitagonja, tinapeza mayiwo akutsokomola mu utsi, khoma lada bii, likufuka, koma moto sunaboole. Tinawanyamula ndi mpando womwe.

Akalipentala anafika akuthamanga, misomali ikumwazika mumsewu. Moto utazimitsidwa, anapala khoma lija ndi mpeni, ndipo mpeniwo unangotulukira mbali inayo. Tonse tinagwira pakamwa.

"Thabwa limeneli ndinalivuula msanga mumgolo," anatero, akutembenukira kwa akazi awo. "Ndikanakuphani ine."

Mayi aja anapukuta mwaye kumaso. "Thabwa lagwira ntchito yake, bambo. Chimene chikanandipha ndi loko wanuyu."